Mabokosi a Machesi a NyaShaba

Uthenga wachipepeso wochokera kulikulu la yunivesite yathu unafika pa foni Lachiwiri m'mawa, maliro titaika kale Loweruka. Unali wa mizere inayi. Mzere wachitatu ndi umene wandikhazika pansi kuti ndilembe izi, chifukwa unati Mayi Shaba anali mmodzi wa aphunzitsi akale amene anatumikira mokhulupirika nyengo ya makompyuta isanafike. Ndinawerenga kawiri, ndinatuluka mu ofesi, ndinakaima kuseri kwa nyumba mtima ukuwira. Bodza lina limapweteka kuposa kutukwanidwa. Pa aphunzitsi tonse a panthambi yathu ya ku Mzimba panalibe amene anaigwiritsa ntchito kompyuta ngati mayi ameneyu, ndipo munthu amene analemba uthengawo akudziwa bwino lomwe.

Yunivesite yake sinditchula, pakuti ndikudyabe komweko. Ndi yaing'ono, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo nthambi ya pa Boma la Mzimba ili m'nyumba yomwe kale inali sitolo, kuseri kwa msika. Ophunzira athu ambiri ndi aphunzitsi a m'masekondale a kumidzi amene akufuna digiri. Amabwera patchuthi milungu iwiri kudzaonana nafe, miyezi ina yonse amaphunzira ali kwawo. Ine ndinachokera ku Dedza kudzaphunzitsa Chingerezi, ndipo anandiika mu ofesi imodzi ndi mphunzitsi wa kemisitiri. Pamapepala anali Mayi Shaba, koma kuyambira kwa mlonda mpaka kwa ogulitsa tomato ankawadziwa kuti NyaShaba, monga amatchulidwira amayi kuno. Tinakhala moyang'anizana madesiki zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sanandiitanepo dzina langa. Kwa iwo ndinali "a ku Dedza" basi.

Tsiku loyamba ndinaona shelefu ya matabwa kumbuyo kwawo itadzaza mabokosi a machesi. M'mphepete mwa thabwa lililonse munalembedwa dzina la malo ndi cholembera chakuda: Jenda, Embangweni, Edingeni, Mqocha, Mabiri. Ndinafunsa mwachibwana ngati amachita geni ya machesi.

"Tsegulani limodzi, a ku Dedza, lekani kuyowoya musanaone," anatero osadzutsa mutu. Kuyowoya ndi kulankhula m'Chitumbuka chawo.

M'kabokosimo munali kakadi ka mu foni, kaja anthu amaikamo nyimbo, katakulungidwa m'kapepala kolembedwa dzina la munthu. Bokosi lililonse linali wophunzira mmodzi. M'kadi lililonse munali mawu a NyaShaba akuphunzitsa.

Kompyuta anaiphunzira atadutsa zaka makumi asanu. Mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Joni anawatumizira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo inakhala m'sutikesi miyezi ingapo chifukwa ankaopa kuiwononga. Chinawatsegula maso si maphunziro aja amatiitanira ku hotela ayi. Anali NyaPhiri, mayi wina wa mumsika amene ntchito yake ndi kuika nyimbo m'makadi. NyaShaba anapita kukaikitsa nyimbo za kwaya, ndipo ataima pamzere anaona kuti ena mwa oima nawo ndi ophunzira awo omwe, aja amadandaula kuti mabuku sawafika. Anabwerera kunyumba akudzifunsa kuti ngati kwaya ikufika ku Mqocha m'thumba la malaya, kemisitiri ikulephera bwanji. Loweruka lililonse kwa miyezi itatu ankakhala pabenchi la NyaPhiri, laputopu pamiyendo, mphunzitsi wa pa yunivesite akukalipiridwa ndi munthu amene sanamalize fomu thu. Ankainena nkhaniyi monyadira. Mpaka kumwalira kwawo ankalemba ndi zala ziwiri zokha, akumenya mabatani ngati akukhoma misomali, ndipo akamaliza ankaifunditsa laputopuyo chitenje chifukwa cha fumbi la pa Boma.

Ankajambulira mawu m'kachipinda kosungiramo katundu, atapachika matumba a feteleza opanda kanthu m'makoma kuti mawu asamveke ngati akuchokera m'mgolo. Mvula ikayamba kugunda malata ankasiya, kumatuluka akung'ung'udza m'Chitumbuka. Phunziro lililonse silinkadutsa mphindi makumi awiri, chifukwa ankadziwa kuti foni ya kumudzi imatchajidwa pa sola ya mnansi ndipo moto wake suchedwa kutha. Ankayamba ndi moni, "Monire mose, pulikani makora," kutanthauza moni nonse, mvetserani bwino, kenako Chingerezi cha m'buku, kenako n'kubwereza mfundo yovutayo m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Ankaikamonso zithunzi ndi timakanema tifupitifupi. Kamodzi anandigwiritsa foni akujambula madzi ofiira a chidede akusintha mtundu atawathira chidulo, n'kubwereranso atawafinyira ndimu. Ankafuna kuti mphunzitsi wa sukulu yopanda labotale aone kuti asidi ndi mnzake wotsutsana naye akhoza kuwaonetsa ana ndi zinthu za m'khitchini.

Lachisanu mabokosi ankakwera minibasi ya a Nyirenda, dalaivala wa njira ya ku Jenda, amene ankawasiya pa sitolo ina ya mbewu. Aphunzitsi akabwera kumsika ankatenga bokosi lawo n'kusiya lakale, m'mene anali atajambulamo mafunso awo ndi zithunzi za ntchito imene alemba. NyaShaba ankamvetsera funso lililonse. Pa laputopu anali ndi tebulo lalikulu, dzina la wophunzira kumanzere, mitu ya maphunziro pamwamba, ndipo pamene munthu wapunthwa ankapaka kofiira. Mzere ukafiira kuchokera pamwamba mpaka pansi ankati wolakwa ndi mphunzitsi, ndipo ankakalowanso m'kachipinda ka matumba kaja. Ankakonda kunena kuti phunziro limene silinafike kwa wophunzira silinaphunzitsidwe, ngakhale litalembedwa bwino chotani.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. NyaShaba anali ndi pakamwa. Wophunzira waulesi ankalandira m'kadi mwake mphindi khumi za mkalipiro wake yekha, ndipo ena ankamvetsera ali kudimba kuopa kuti akazi awo angamve. Ine ndinayambana nawo sabata yachiwiri chifukwa cha projekita. Ndinali nditakonza masilaidi okongola, ndime zathunthu, zilembo zouluka kuchokera kumanzere. Iwo anakhala kumbuyo kwa kalasi manja atapinda. Titatuluka anandiuza pamaso pa mlonda kuti chimene ndachita ndi kupachika manotsi pakhoma n'kumawawerengera anthu odziwa kuwerenga, ndipo kuti akanakhala iwo akanangopempha khomalo liwapatse digiri. Sindinawalankhule masiku atatu. Iwo sanapepese, sankadziwa kupepesa, koma tsiku lachinayi ndinapeza padesiki panga mbatata yootcha ndi kapepala kosonyeza masilaidi asanu ndi limodzi okha amene ndiyenera kusiya. Anali akunena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

Kupepesa ndinawamva kamodzi kokha, ndipo nkhani yake ndi imene inadzabala zonse. Panali phunziro lachisanu ndi chiwiri, lokhudza kusungunula asidi wamphamvu. Lamulo lake ngakhale ine wa Chingerezi ndinaliloweza: asidi ndiye amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi. Ukathira madzi mu asidi, amawira n'kuthovukira kumaso ndi m'manja. NyaShaba anali ndi chizolowezi chomvetsera maphunziro awo omwe akamayenda. Lamlungu lina akuchokera kutchalitchi anamva mawu awo akunena mozondoka, madzi mu asidi. Lilime linaterereka, ndipo mabokosi anali atapita kale Lachisanu.

Lolemba m'mawa anajambulanso phunzirolo, n'kukwera okha minibasi ya a Nyirenda. Inali nyengo ya mvula. Masiku atatu anayenda pa njinga zamoto m'matope, sukulu ndi sukulu, kuyambira ku Jenda mpaka kufupi ndi malire a Kasungu, kulanda kadi lakale ndi kusiya latsopano, osadalira foni chifukwa kwina siigwira. Anabwerako nsapato zili m'manja, chifuwa chitawagwira. Ndinamvera chiyambi cha phunziro latsopanolo: "Ndapota, mundigowokere, nkhabuda. Asidi mu maji. Maji mu asidi yayi." Ankapempha kuti awakhululukire, analakwitsa: asidi m'madzi, osati madzi mu asidi. Ananena katatu, m'ziyankhulo zitatu. Lakale lija sanalifute pa laputopu, chifukwa sankafuta kanthu. Ankati cholakwa chako uzichisunga pafupi kuti chizikukumbutsa kuti ndiwe munthu. Choncho pa laputopu panali maphunziro achisanu ndi chiwiri awiri, lolakwika pamwamba, lokonzedwa pansi pake.

Tsopano nditchule a Kamanga. Anali mkulu wa nthambi yathu, mwamuna wa zaka makumi anayi, wa masuti abwino ndi udokotala wa za kayendetsedwe ka maphunziro. NyaShaba anamuphunzitsa kusekondale cha ku Embangweni ali mnyamata, ndipo kalata yomuchitira umboni pofuna sukulu yakunja analemba ndi iwo. Iye ankawatchula "amama", ankawanyamulira chikwama pamaso pa alendo. Mliri uja utatseka masukulu, kulikulu kunabwera lamulo loti maphunziro onse aikidwe pa intaneti, pa tsamba la yunivesite limene tonse tinkangoliti sisitemu. Sisitemuyo inkawerenga kuti mphunzitsi aliyense walowamo kangati, ndipo chiwerengerocho ndi chimene chinasanduka muyeso wa amene akugwiritsa bwino ntchito zipangizo zamakono.

Tinachita monga amachitira anthu. M'mawa uliwonse tinkalowa m'sisitemu, kutuluka, kulowanso tikamwa tiyi. Wina anaikamo manotsi ake a zaka khumi zapitazo osasintha ngakhale deti. Ophunzira a ku Mabiri ankakwera pachulu kusaka netiweki, tsamba likatseguka theka mayunitsi n'kutha. NyaShaba anayesa sabata imodzi, anafunsa ophunzira awo m'makadi ngati zikuwafika, ndipo atamva mayankho anasiya. Ndinawapempha kuti andipatse nambala yawo yachinsinsi ndiziwalowetsera m'mawa uliwonse.

"Kuti chichitike n'chiyani?" anandifunsa.

"Kuti nambala yanu ikwere, amama. Aliyense akuchita."

"A ku Dedza, ine nkhalamba ndiyambe kunamiza makina? Mbwenu mawa ndinamiza ana. Ziro yanga isiyeni, njanga."

Anali ouma mutu, ndikuvomereza. Akanalola, mwina sindikanalemba izi. Koma ziro imeneyo inali chinthu chokha choona pa tebulo lonse la nthambi yathu.

Tsiku lina a Kamanga analowa mu ofesi mwathu, n'kukhala pakona pa desiki la NyaShaba monga amachitira mwana wa pakhomo. Anati kulikulu amva mbiri ya makadi, akufuna kutenga maphunziro onse awalembe bwino, awaike pa sisitemu kuti afike dziko lonse. Anapempha laputopu kwa masiku atatu okha.

"Dzina lanu likhala pamwamba, amama. Ine ndingokhala wonyamula chikwama, ngati kale," anatero akuseka.

NyaShaba anati aganiza kaye. Iye atatuluka anandifunsa maganizo anga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Ndipo ine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndinawauza kuti apereke. Ndinati ntchito yotere siyenera kuthera m'mabokosi a machesi, ndinati ikapita pa sisitemu nkhani ya ziro itha yokha, ndinati Kamanga ndi mwana wawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anavula chitenje pa laputopu, anachipinda n'kuchiika m'dirowa. Pomupatsa Kamanga laputopuyo anamuuza kuti olembawo asanayambe awaimbire foni, pali zina zofunika kuwalongosolera. Iye anati, "Yewo chomene, amama, ndikuimbirani ndekha." Laputopu inabwerako patatha milungu iwiri, ndipo foniyo sinalire.

Patapita miyezi isanu kunabwera alendo ochokera kulikulu kudzakhazikitsa maphunziro a pa intaneti. Tinabwereka holo, tinabwereka jenereta, ophunzira amene anali pafupi anaitanidwa kuti mipando idzaze. NyaShaba anavala chilundu chawo chabwino, anakhala mzere wachiwiri pambali panga, ndipo ndinaona kuti atsuka magalasi. A Kamanga atalankhula za dziko limene likusintha, anazimitsa magetsi akutsogolo n'kuyatsa projekita. Pakhoma panatuluka mutu wa maphunziro a kemisitiri, pansi pake dzina la Dokotala Kamanga ndi gulu la akatswiri. Ndinadikira tsamba lachiwiri, ndinadikira lachitatu. Dzina la NyaShaba panalibe.

Kenako inayamba kanema. Anali a Kamanga, atavala jekete loyera la mu labotale, akuwerenga mawu a NyaShaba. Ndinawazindikira onse: chidede, chidulo, chitsanzo cha mlimi wa fodya wa ku Jenda wosakaniza mankhwala. Moni anachotsa, Chitumbuka anachotsa, Chichewa anachotsa. Ndinacheuka. Nkhope ya NyaShaba inali phee, manja ali pamiyendo, chala chimodzi chokha chikugogoda bondo. Ndiye a Kamanga a m'kanemayo, amene kemisitiri anaisiyira ku fomu folo, anayang'ana kamera n'kunena mwaulemu wonse kuti posungunula asidi wamphamvu, thirani madzi pang'onopang'ono mu asidiyo.

Olemba a ku Lilongwe ataona maphunziro achisanu ndi chiwiri awiri anayesa ndi amodzi, n'kutenga lapamwamba. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

NyaShaba anaimirira. "Imitsani," anatero.

Mkulu wa alendowo anamwetulira. "Mayi, mafunso akhala kumapeto."

"Si funso, dada. Chimene chanenedwacho chiwotcha mwana wa munthu. Imitsani."

"Amama, ndapota, tikambirana ku ofesi," a Kamanga anatero chapansipansi, akuwakodola kuti akhale. Kanema inali ikupitirira, ndipo ophunzira ena kumbuyo anali akulemba m'makope.

Sanathamange. Anadutsa pakati pa mipando ndi kayendedwe kawo kotsimphina pang'ono, anafika patebulo, anawerama n'kuzula chingwe cha projekita. Khoma linada. M'holo monse munangomveka jenereta panja. Anatembenukira kwa ophunzira n'kunena mokweza, "Amene mwalemba, fufutani. Asidi mu maji. Maji mu asidi yayi." Anabwereza m'Chichewa ndi m'Chingerezi, anadikira mpaka ataona zolembera zikuyenda, kenako anabwerera pampando wawo. Za dzina lawo sananene liwu ngakhale limodzi, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lipoti linalembedwa sabata yomweyo. Linati Mayi Shaba analowa m'sisitemu sabata imodzi yokha chaka chonse, amaumirira njira zachikale, ndipo anasonyeza kudana ndi zipangizo zamakono pozimitsa projekita pamaso pa alendo. Chilichonse chinali ndi umboni wake, ndipo chonsecho pamodzi chinali bodza. Popeza anali atapitirira kale zaka zopumira, ankagwira ntchito pa kontirakiti ya chaka ndi chaka, ndipo lipotilo linapempha kuti isaonjezedwe. Pansi pake panafunika saini ya woimira aphunzitsi. Woimira aphunzitsi chaka chimenecho ndinali ine.

A Kamanga ananditsekera chitseko. Anati bongololo sadzolera mafuta pagulu, amama achititsa manyazi nthambi yonse, kulikulu akufuna kuona kuti tachitapo kanthu apo ayi nthambi itsekedwa. Anati saini yanga ikungosonyeza kuti ndaliona lipotilo, osati kuti ndagwirizana nalo. Anati dzina la amama alibwezera zinthu zikazizira. Ndinkadziwa kuti akunama, monga momwe ndikudziwira dzina langa. Ndinaganiza za kontirakiti yanga, ndinasaina, ndinakasamba m'manja pampopi wa panja ngati kuti inki ndiyo inali vuto.

Tsiku lawo lomaliza anafika molawirira monga mwa masiku onse. Anayankha mafunso onse amene anatsala m'makadi, anapereka mabokosi kwa a Nyirenda, anafunditsa laputopu. Shelefu anaisiya, anati njolemera. Potuluka anaika bokosi limodzi la machesi padesiki panga.

"Ilo ndi la seveni labwino. Wina akadzafunsa, mumupatse. Kukopera mumatha, si ndinakuphunzitsani?"

Kanema ija anaichotsa pa sisitemu patatha milungu ingapo, ndipo chiganizo cholakwikacho anachikonza mwakachetechete. Koma manotsi olembedwa aja anali atatsitsidwa kale, akuyenda foni ndi foni m'magulu a aphunzitsi, dzina la yunivesite ndi la Dokotala Kamanga zili pachikuto. Ndinalemba makalata atatu kupempha kuti atulutse chidziwitso chochenjeza anthu. Anandiyankha kamodzi, kuti nkhaniyo inatha ndipo kuiutsanso kungaipitse mbiri ya sukulu. Chaka chotsatira a Kamanga anakwezedwa, anapita kulikulu kukayang'anira maphunziro onse a pa intaneti. Uthenga wachipepeso uja unachokera mu ofesi yawo.

NyaShaba anabwerera kumudzi kwawo cha ku Embangweni. Zinanditengera miyezi isanu ndi itatu kuti ndilimbe mtima kukawaona. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, ataonda, shuga atawagwira miyendo. Laputopu inali patebulo m'nyumba, chitenje chili pamwamba. Anandilandira bwino, ananditumira tiyi, anafunsa za ana anga mmodzimmodzi. Funso lawo loyamba la kuntchito linali lakuti, "Achenjeza anthu?" Nditapukusa mutu anangoti "mhm", n'kupitiriza kusankha. Anandiuza kuti aliyense wa ophunzira awo akale amene wadutsa amamutuma kuti akauze anzake, koma manotsi ali ndi miyendo yambiri kuposa nkhalamba.

Ndinayamba kufotokoza za lipoti lija. Anandidula.

"Ndinaliona. Kamanga ndinamudziwa ali ndi zaka fotini, ankakopera homuweki ya anzake n'kuilemba bwino kuposa mwini wake. Iyeyo sanandidabwitse." Anataya kanyemba kofumbwa pabwalo. "Saini yachiwiri ija ndi imene ndinaiyang'ana kawiri, a ku Dedza. Imwani tiyi, azizira."

Ndinamwa. Palibe mkalipiro wa m'kadi umene unaposa mawu amenewo, ndipo sanawabwerezenso. Pondiperekeza mpaka pamsewu anandipatsa nyemba za m'jumbo, n'kundifunsa ngati ndinasiya kupachika manotsi pakhoma.

Pamaliro panadzaza aphunzitsi ochokera m'masukulu amene maina ake ndinkangowaona pa shelefu. Ena anabwera pa njinga kuchokera kumalire a Kasungu. Kulikulu sikunabwere munthu. Ine ndinapemphedwa kulankhula m'malo mwa yunivesite, ndipo ndinakana, chifukwa ndinaona kuti ndasainira anthu amenewo zokwanira. Ndimawakwiyira a Kamanga, ndimakwiyira aliyense amene anawerenga lipoti lija osafunsa wophunzira ngakhale mmodzi, koma mkwiyowo ukazungulira umabwerera pakhomo panga. Kamanga anaba ntchito ya mayi amene anamulera m'kalasi. Ine ndinamutsegulira chitseko, kenako ndinamuthandiza kutseka.

Lachisanu lapitali, patatha milungu itatu chiikireni maliro, a Nyirenda anagogoda pa ofesi. Anavula chipewa, anatulutsa bokosi la machesi m'thumba la malaya.

"Ndikudziwa kuti amama kulije," anatero. "Ndamuuza mwini wakeyo pa Jenda. Wati mbwenu perekani kwa aliyense amene wakhala pampando wawo."

Ndinaika kadi mu foni. Anali mawu a mtsikana, mphunzitsi watsopano pa sukulu ina kupitirira Jenda, amene sanaphunzitsidwepo ndi NyaShaba. Anati sukulu yawo yalandira mabotolo a asidi kwa nthawi yoyamba, ndipo sabata yamawa akufuna kuonetsa ana a fomu fili. Manotsi a yunivesite amene ali mu foni mwake akuti madzi mu asidi. Koma mphunzitsi mnzake wachikulire wamuletsa, wamupatsa kabokosi aka, wati funsa kaye amama a ku Boma. "Ndiye ndikhulupirire ziti, madamu? Za yunivesite kapena za anzangawa?"

Ndinatsegula dirowa, ndinatenga bokosi limene anandisiyira, ndinakopera phunziro lachisanu ndi chiwiri labwino m'kadi la mtsikanayo. Ndinaganiza zojambulapo mawu anga kumuuza kuti madamuwo anamwalira, koma ndinangolemba pakapepala nambala yanga ya foni ndi mawu atatu aja, asidi mu madzi. A Nyirenda analinyamula madzulo omwewo. Pofika lero mtsikanayo wamva kale moni wa NyaShaba ndi kupepesa kwawo pa cholakwa chimene anachikonza ndi miyendo yawo zaka zapitazo.

Desiki lawo analichotsa chaka chatha. Pamalopo anaikapo kabati yachitsulo ya zipangizo za intaneti, yokhala ndi timagetsi tobiriwira tophethira tsiku lonse, ndipo pasimenti pakuonekabe timabowo tinayi pamene panali miyendo ya desiki. M'kachipinda kosungira katundu matumba a feteleza akadali m'makoma, palibe amene wafuna kukwera kukawatsitsa. Shelefu ili pomwe anaisiya, yopanda kanthu, maina akuonekabe m'mphepete mwa matabwa ngakhale inki yayamba kufwifwa: Jenda, Embangweni, Edingeni, Mqocha, Mabiri. Ndapukuta fumbi pa thabwa la Jenda lokha, chifukwa a Nyirenda ati mtsikana uja ali ndi funso lina, ndipo bokosi libwera Lachisanu. Kemisitiri ine sindiidziwa.